Masamba Pamsewu wa ku Nsaru

Namitete,
Lilongwe.

Okondedwa achimwene a Adamson,

Ndiyambe ndi kukufunsani moyo. Kodi muli bwanji ku Joniko, inu ndi alamu anga ndi ana? Chifuwa chija munkadandaula chinakusiyani? Ife kuno tilipo, Mulungu akutisunga. Tamandani wakula, wayamba kundiyankha ngati mnzake. Mariya wamera mano, ndipo akuluma aliyense womunyamula. Amayi kumudzi ali bwino, ngakhale kuti misozi ya atsibweni sinaume.

Mudabwa kuti masiku ano a foni ndakulemberani kalata ngati munthu wakale. Foni m'nyumba muno ndi imodzi, ndipo zimene ndikufuna kunena sindingazinene alamu anu a Levison ali pambali. Komanso mukundidziwa mlongo wanu, pakamwa panga pamathamanga kusiya mutu m'mbuyo. Cholembera chokha ndiye chimandidikiritsa. Kalatayi ndapatsira a Prince, amene akubwerera kumeneko sabata ino.

Nkhani ndi ya njinga ija munatumizira alamu anu. Uthenga wanu unafika, woti msuweni wathu Eliya adzaitenge mwezi uno ukatha, akachite nayo zimene akufuna, chifukwa yatichititsa manyazi pamaliro a atsibweni a Chrispin. Alamu anu atamva anangoti chabwino. Ine ndiye ndikukana. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, choncho ndabwera ndekha kudzakupemphani kuti mubweze mawu amenewo. Inu pamaliro panalibe, ndipo mwamva mbali imodzi. Mbali inayo ndaikhalira ndine.

Mukukumbukira mmene inafikira njingayo chaka chatha. Munthu amene anakulira pa kabaza, kunyamula odwala ndi matumba a chimanga, anaigwira ndi zala ziwiri n'kuikweza m'mwamba ngati nkhuku yonyowa. Anaseka tsiku lonse. Anati zaka makumi anayi zayandikira, ndipo akufuna kuti kamodzi kokha adzapalase nawo mpikisano wa ku Lilongwe pa njinga yeniyeni, miyendo isanamuthawe. Mpikisanowo uliko mwezi wamawa. Ine ndinavomera, poyesa kuti ndi zongocheza.

Sizinali zocheza, achimwene. Chisanu chitangoyamba mu Meyi, munthu anayamba kudzuka kusanache. Inu mwina mwaiwala kuzizira kwa ku Namitete, nkhungu ija imagona m'dambo mpaka dzuwa litakwera. Alamu anu amaika nyuzipepala pachifuwa, mapepala a shuga m'mapazi, masokosi a Tamandani m'manja, n'kutuluka. Ndimangomva kulira kwa tayala lakumbuyo, tiki tiki tiki, akuikankha kudutsa pawindo. Phokoso limenelo ndinadana nalo kwambiri.

Amapalasa cha ku Mchinji n'kubwerera, milomo itang'ambika, mamina ali chuchuchu. Kusamba, kumwa tiyi chiimirire, uyo ku sitolo ya a Ibrahim kukanyamula simenti ndi malata tsiku lonse. Bwana wawoyo ndi munthu wabwino. Anawapatsa pokoleka njinga m'chipinda cha katundu, ndipo akachedwa pang'ono amangowafunsa kuti mwera unali bwanji lero.

Madzulo ndiye kunali zisudzo. Anakawotcheretsa kachitsulo kokweza tayala lakumbuyo, kuti azipalasa pakhonde njinga ili chiimire. Tangoganizani, bambo wa ana awiri, thukuta lili kamukamu, kupalasa ndi mtima wonse osapita kulikonse! Ana a m'mizere yonse amabwera kudzaonerera. Amayi anzanga amandifunsa kuti kodi lero afika kuti amuna anu. Ndimangoseka nawo mokakamiza.

Za zovala ndiye ndinu wolakwa, chifukwa munatumiza ndinu. Kabudula wothina ngati khungu, malaya okhala ndi matumba kumsana, chisoti chabowobowo, magalasi akuda, ndi nsapato zija zachitsulo kunsi zimene zimakola m'mapedulo. Akatsika nazo amayenda ngati bakha. Ndinawauza kuti zovala zimenezo amayi asadzazione, angakomoke. Iwo anavomera, ndipo kumudzi amapita pa minibasi atavala buluku ngati munthu.

Musaganize kuti ndinkangodana nazo popanda chifukwa. Mtedza ndinakumba ndekha, mwana ali kumbuyo. Kudimba ndinkathirira ndekha. Lamlungu lililonse ndinkakhala m'tchalitchi ngati mayi wamasiye, chifukwa ndilo tsiku lawo la ulendo wautali. Akabwerako amagona chakudya chili m'kamwa. Sanali kumwa mowa, sanali kuyendayenda, ndipo kunyumba sitinasowe kanthu. Koma mwamuna ndinalibe.

Mu Juni ndinapita kukadandaula kwa atsibweni, monga ankhoswe athu. Mukuwadziwa mmene analili. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anaseka mpaka kutsokomola. Anati ndithokoze kuti mkazi mnzanga ali ndi matayala, chifukwa anzanga ambiri akulira ndi wa miyendo. Anati munthu aliyense amafuna kanthu kamodzi kake kake, ndipo ukamulanda kameneko umatsala ndi chikopa chokha. Anandilonjeza kuti alankhula nawo kuti azindithandiza kudimba, komanso kuti tsiku la mpikisano tidzapite tonse ku Lilongwe kukakuwa. Ndinabwerako nditakwiya, ndikuti amuna onse ndi amodzi.

Tsopano ndifike pa tsiku lija. Loweruka Mariya anagona akutsokomola. M'mawa wa Lamlungu ndinapempha alamu anu kuti lero lokha akhale pakhomo. Anagwira mwana pachipumi, n'kunena kuti thupi silikutentha, ndipo abwerako dzuwa lisanafike pamutu. Anatuluka. Foni anandisiyira ine monga mwa masiku onse.

Sipanapite nthawi, foniyo inalira. Anali Eliya, akulira, kuti atsibweni atisiya usiku. Ndinasiya Tamandani kwa aneba, ndinabereka Mariya, ndinakwera njinga yamoto mumphepo imene ija mpaka kumudzi. Njira yonse ndinkalira ziwiri, kulira atsibweni ndi kulira ukwati wanga.

Nditafika ndinapeza masamba aikidwa kale pamsewu, uku ndi uku, monga timachitira kuti odutsa adziwe kuti pali zovuta. Nyumba ya atsibweni mukuidziwa mmene inayandikira msewu wa ku Nsaru. A kabaza amatsika n'kumakankha, zipewa zili m'manja. Magalimoto amadutsa pang'onopang'ono. Ine ndinakhala pakati pa azimayi panja pa siwa, nditafunda chitenje kumutu chifukwa cha chisanu. Aliyense wobwera kudzandigwira dzanja amandifunsa kuti nanga bambo a Tamandani ali kuti. Ndimati akubwera. Pofika munthu wachisanu ndi chiwiri kapena wachingati kaya, mawu amenewa ndinali nditatopa nawo.

Ndiye tinangoona chinthu chikutsika kuchokera kumtunda. Munthu wa njinga, chisoti kumutu, magalasi akuda kumaso. Atafika pa masamba oyamba anadzutsa mutu, anayang'ana kusiwa, ndipo ndinaona ngati agwira mabuleki. Kenako anaweramira pa handulo, mutu uli zyoli, n'kuponda mwamphamvu. Anadutsa pakati pa maliro ngati mphepo, osatsika, osavula chisoti.

Anthu anakuwa. Adzukulu ena anathamangira kumsewu, koma akanamugwira ndani? Azibambo anayamba kutukwana anyamata a m'tauni, amene amabwera Lamlungu ndi njinga zawo kudzaponda miyambo ya eni ake. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anamuzindikira. Nkhaniyo inali yoti ithere pomwepo.

Koma ine msana umenewo ndimaudziwa. Ndipo apa ndi pamene amayi sanakuuzeni, mwina pofuna kunditeteza. Ndinavula chitenje kumutu n'kunena mokweza kuti asatukwane a m'tauni osalakwa, chifukwa ameneyo ndi mkamwini wawo, bambo a Tamandani, ali paulendo ndi mkazi wawo wamkulu.

Nyimbo inaduka. Amayi anandiyang'ana, n'kuyang'ana pansi. Pa nthawi imeneyo ndinamva kukoma, achimwene, sindikunamizani. Ndinamva ngati ndatula mtolo wa miyezi itatu.

Alamu anu anafika masana, atavala buluku lakuda ndi jekete, akutsimphina. Anagwada kuti apepese amayi, koma amayi anatembenukira kukhoma. Adzukulu anawalipiritsa nkhuku, ndipo anapereka osatsutsa. Anawaza nkhuni, anatunga madzi, anagona panja ndi amuna anzawo, koma palibe anawalankhula.

M'mawa mwake ponyamula bokosi, amuna akusinthana monga mwa mwambo, nawonso anaika phewa. Eliya anawakankhira pambali, n'kunena kuti a liwiro apatuke, angatigwetsere bambo. Anthu onse anamva. Alamu anu anabwerera m'mbuyo, n'kuyenda kumapeto kwa mzere mpaka kumanda. Munthu amene anatimangira banja, amene anali yekha wowaikira kumbuyo, sanamunyamule ngakhale phazi limodzi.

Titabwerera ku Namitete anamasula mapedulo, n'kukoleka njinga kudenga. Kuyambira tsiku limenelo ndinapeza mwamuna amene ndinkamufuna. Kutchalitchi tili limodzi. Mtedza wonse anasenda. Akaweruka ku sitolo amalunjika kudimba. Amayi anzanga anayamba kundiyamikira kuti ndawakhoza. Masiku oyamba ndinkayenda mapewa ali m'mwamba.

Koma m'nyumba munazizira kuposa panja. Munthu uja ankaimba mluzu posamba analeka. Tamandani akamufunsa za njinga amangomusisita m'mutu. Sakalipa, sadandaula, sakana chilichonse. Ndikati tichite chakuti, amangoti chabwino. Achimwene, mawu akuti chabwino ndatopa nawo. Ndinayamba kukumbukira zija ananena atsibweni za chikopa.

Choonadi ndinachimva kwa a Halima, akazi awo a bwana Ibrahim, amene nyumba yawo yayandikana ndi yathu. Tsiku lina tikusankha mtedza anandifunsa ngati bondo la bambo a Tamandani linapola. Ndinati bondo lake liti? Anadabwa kuti sindikudziwa.

Akuti Lamlungu lija anawaona akulowa pageti ngati akuthamangitsidwa ndi njuchi. Analephera ngakhale kukolola nsapato m'mapedulo, mpaka anagwa nayo njinga n'kusupuka bondo. Akuti anadzuka magazi akuchucha, akuitana dzina langa, kuti mayi a Tamandani tulukani, kwa atsibweni kwagwa zovuta. Ankayesa kuti ine sindinamve. Ankathamangira kudzanditenga. A Halima atawauza kuti ndapita kale, akuti anakhala pansi pakhonde n'kulira ngati mwana, kenako anasamba, n'kuvala buluku, n'kuthamangira minibasi.

Mtedzawo ndinausiya pomwepo. Madzulo omwewo ndinawatsatira kudimba. Ndinawapeza akuthirira mpiru, ndipo ndinawafunsa chifukwa chimene sanatsikire pa masamba paja.

Anaika ndowa pansi. Anati msewu wa kumudzi anali asanaupalasepo chiyambire, chifukwa cha zovala zija, koma tsiku limenelo anafuna zitunda, n'kuganiza kuti angodutsa mwakachetechete. Ataona masamba, anaona kuti anthu asonkhana pa nyumba ya atsibweni, ndipo anaona apongozi awo atakhala pakhonde, mbumba yonse itawazungulira.

Anati pamsewu paja panali maulemu awiri, ndipo sakanatha kupereka onse. Kutsika kukanatanthauza kuyenda pang'onopang'ono, ngati bakha, pamaso pa apongozi ndi alamu ndi ana achitsikana, atavala chovala chosabisa kanthu, pamaliro a mlongo wa apongoziwo. Kudutsa kukanatanthauza kuponda masamba. Anasankha kuti anthu atukwane mlendo wosamudziwa, kusiyana ndi kuti apongozi aone zosayenera kuona. Anati mwina anasankha molakwa, ndipo sakukana mlandu.

Ndinawafunsa kuti nanga bwanji sananene zimenezi pamaliro pomwepo. Anati kudziteteza pamene thupi la ankhoswe lili m'nyumba n'kuwonjezera phokoso pa phokoso. Komanso kuti atero, anthu akanatembenukira kwa amene anawaulula, ndipo anaona kuti nkhuku imodzi yakwana.

Kenako ananena mawu amene andilembetsa kalatayi. Anati pamene ankaweramira pa handulo, chinawalimbitsa mtima n'chakuti pa dziko lonse pali munthu mmodzi yekha amene angawazindikire ndi msana, ndipo ameneyo ali ku Namitete. Anati ngakhale akanadziwa kuti munthuyo ali pomwepo, sakanaopa.

Anatola ndowa n'kupitiriza kuthirira. Ine ndinaima pakati pa mabedi a mpiru, kusowa poyika nkhope. Ndinati pepani. Anati chabwino. Pepani sapoletsa chilonda, ndinazionera ndekha tsiku limenelo.

Loweruka lapitali ndinapita kumudzi kukauza amayi zonse. Anamvetsera, ndipo ndinaona kuti zawakhudza, makamaka pomva kuti munthu ankasunga ulemu wawo. Koma mukuwadziwa amayi athu. Anati masamba ndi masamba, ndipo mkamwini asamakule mwendo. Anati komanso nkhaniyi sili m'manja mwawo, chifukwa atsibweni atapita mwini mbumba ndinu, ndipo mwalankhula kale. Eliya ndiye sanafune n'komwe kundimvera. Sindikumuda, anataya bambo ake.

N'chifukwa chake ndagwada kwa inu. Sindikuti alamu anu sanalakwe. Masamba anapondadi, ndipo analipira. Koma chimene chinasandutsa cholakwa cha mlendo kukhala manyazi a banja ndi pakamwa panga. Madzi akatayika saoleka, ndikudziwa. Bokosi la atsibweni sadzalinyamulanso. Chimene chatsala choti n'kupulumutsa ndi njingayo, ndipo ikatuluka pakhomo pano ndi Eliya, ndikuopa kuti mwamuna amene ndinakwatiwa naye atuluka nayo, ine n'kutsala ndi wa chabwino uja mpaka kukalamba.

Muuzeni Eliya modekha kuti asabwere. Muwauze amayi kuti mwamva zonse. Koma koposa zonse, lankhulani ndi alamu anu inu mwini, osati kudzera mwa ine. Ine ndikawauza kuti akwerenso amayesa kuti ndikulipira mlandu. Inu ndi amene munawapatsa njingayo, ndinu munawalanda, ndipo ndinu nokha mungawabwezere.

Za mpikisano ndikudziwa kuti masabata ambiri apita, ndipo miyendo yafooka. Mwina adzafika womaliza, anthu atayamba kale kubwerera kwawo. Zilibe kanthu. Ndidzakhala ndili pomwepo ndi Mariya kumbuyo, kukuwa za ine ndi za atsibweni zomwe.

Ndakasoketsa kwa atelala kabuluku kansalu yopepuka, kotha kupindika n'kulowa m'thumba la kumsana lija, pamodzi ndi tipatapata. Akadzakumananso ndi masamba pamsewu, adzaime patali, avale, n'kudutsa akukankha ngati munthu wolemekezeka. Ndi kanthu kakang'ono, koti ndikanakaganiza mu Meyi m'malo mowerenga zolakwa zawo. Ndinakaika m'malayamo n'kuwakoleka kuseri kwa chitseko. Anaona, anagwira thumbalo, n'kulisiya momwemo.

Chimene chikundipatsa chiyembekezo n'chimodzi. Posesa kunsi kwa bedi ndinapeza mapedulo aja atakulungidwa m'kansalu, opakidwa oilo watsopano. Munthu amene wataya mtima sapaka oilo. Ndinawabwezera pomwepo mmene analili.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze kuti chitenje chija ndikuvala. Ana muwapsompsone, ndipo azimva Chichewa, asadzabwere kuno ngati alendo. Tamandani akuti moni kwa atsibweni ake. Mulungu akusungeni pantchito ndi m'misewu ya kumeneko, akupatseni mtima wofewa powerenga kalatayi.

Mukafuna kuimba foni, imbani m'bandakucha, pa nthawi ija ankatulukira. Mpaka lero amadzukabe, amakhala m'mphepete mwa bedi, mapazi n'kumafufuza nsapato pansi, kenako amagonanso mwakachetechete kuti asandidzutse. Ine ndimanamizira tulo, khutu lili kuwindo, kudikira kaphokoso kaja ndinkadana nako. Musaope kuti mutisokoneza. Tonse awiri timakhala tili maso.

Ndine mlongo wanu,
Elube